China ndi njanji za anansi athu: kodi Malawi akwezapo chiyani?

Mu Novembala chaka cha 2025, nduna yaikulu ya dziko la China, a Li Qiang, adafika mumzinda wa Lusaka komwe, limodzi ndi mtsogoleri wa dziko la Zambia a Hakainde Hichilema, adatsegulira ntchito yokonzanso njanji ya TAZARA. Njanjiyi ndi yotalika makilomita 1,860, ndipo imachokera pa doko la Dar es Salaam ku Tanzania kukafika ku Kapiri Mposhi m'chigawo chapakati cha Zambia. Malinga ndi mgwirizano womwe udasainidwa mu Seputembala chaka chomwecho, kampani ya boma la China yotchedwa CCECC iika madola a ku America okwana 1.4 biliyoni pa ntchitoyi, ndipo njanjiyo ikhala m'manja mwake kwa zaka 30.

Ena anganene kuti nkhaniyi ili ndi eni ake, popeza njanji ya TAZARA siidutsa m'dziko muno. Komatu tisaiwale kuti dziko lathu lilibe doko pa nyanja ya mchere. Feteleza, mafuta a galimoto, mankhwala a m'zipatala ndi zitsulo zomangira zimatsikira pa madoko a anzathu, ku Dar es Salaam, ku Beira, ku Nacala kapena ku Durban, ndipo zimayenda masiku angapo pa misewu ndi njanji za eni ake zisadafike ku Kanengo. Mtengo womwe mlimi wa ku Mitundu amalipira pa thumba la feteleza umayamba kukwera katunduyo ali m'njira. N'chifukwa chake zomwe dziko la China likuchita kwa anansi athu zikutikhudza tonse, ndipo ndi bwino tizilingalire modekha.

Zomwe China idamanga mu Lilongwe

Munthu akachoka ku Area 12 kulowera ku City Centre, sayenda mtunda wautali asadaone zipatso za ubale wathu ndi China. Pali Nyumba ya Malamulo, yomwe idatsegulidwa m'chaka cha 2010 ngati mphatso ya boma la China, ndipo idathetsa manyazi oti aphungu athu azibwereka malo okumanirana kunyumba ya mtsogoleri wa dziko. Chapafupi pomwepo pali malo a misonkhano a Bingu International Convention Centre ndi hotela yake, zomwe zidamangidwa ndi ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku China. Ku Area 48 kuli bwalo la zamasewero la Bingu, lomwe lidatsegulidwa mu Januwale 2017, nalonso la ngongole. Kunja kwa likulu kuli msewu wa makilomita 101 wochokera ku Karonga kupita ku Chitipa, komanso sukulu ya ukachenjede ya sayansi ya MUST ku Thyolo, yomwe idayamba kulandira ophunzira m'chaka cha 2014.

Zonsezi zidadza boma la malemu Bingu wa Mutharika litathetsa ubale ndi Taiwan, womwe udayamba m'chaka cha 1966, n'kugwirana chanza ndi Beijing kumapeto kwa chaka cha 2007. Akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo palibe angatsutse kuti mlendoyu adagwira ntchito mwachangu. Anthu a ku Chitipa, amene galimoto zawo zinkatitimira m'matope nyengo ya mvula, akudziwa bwino phindu la msewu wa tala.

Koma tikayang'anitsitsa mndandandawu, tiona kuti zambiri ndi nyumba zokongoletsa mzinda, osati njira zotulutsira katundu wathu kunja. Malo a misonkhano aja adafulumizidwa kuti alandire msonkhano wa atsogoleri a bungwe la African Union mu Julayi 2012, koma msonkhanowo udasamukira ku Addis Ababa boma la mayi Joyce Banda litakana kulandira mtsogoleri wa dziko la Sudan wa nthawiyo, a Omar al-Bashir. Alendo sadabwere, ngongole idatsala. Bwalo la mpira limasangalatsa mitima, koma silibweretsa madola obwezera ngongole yomwe idalimanga. Pamene ntchito zina zomwe zikadasintha chuma, monga malo opangira magetsi a malasha ku Kam'mwamba m'boma la Neno, omwe ankati adzapereka mamegawati 300 ndi ngongole ya ku China, zidakambidwa kwa zaka zambiri koma sizidamangidwe.

Phunziro la chaka cha 1975

Kuti timvetse bwino za lero, tibwerere kaye m'mbuyo. M'chaka cha 1965 azungu a ku Rhodesia adadzilengeza kuti ndi odziimira paokha, ndipo Zambia, yomwe mkuwa wake unkatulukira kummwera, idapezeka itatsekeredwa. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere adapempha mayiko a azungu kuti awamangire njanji yopita ku Dar es Salaam, koma adawakanira ponena kuti siidzapindula. Dziko la China, lomwe nthawiyo linali losauka, lidavomera. Lidapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja ya madola pafupifupi 500 miliyoni, ntchito idayamba m'chaka cha 1970, ndipo idatha m'chaka cha 1975. Anthu oposa 160, Matchaina ndi anthu akuda omwe, adafera pa ntchitoyo.

M'chaka chomwecho cha 1975, likulu la dziko lino lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe. Malemu Dr. Hastings Kamuzu Banda adasankha njira ina: adakongola ndalama ku boma la tsankho la South Africa zoyambira kumanga likulu latsopano, komanso zomangira njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi, yomwe idatilumikiza ndi doko la Nacala m'chaka cha 1970. Choncho City Centre yomwe lero ili ndi nyumba za Matchaina idayamba ndi ngongole ya mlendo wina. Alendo amasinthana, koma wobweza ngongole ndi yemweyo, Mmalawi wolipira msonkho.

Sipadapite nthawi, nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala m'zaka za m'ma 1980. Apa ndi pomwe TAZARA, njanji yomwe atsogoleri athu sadaiwerengere, idatiwombola. Malawi adatsegula malo ake osungira katundu ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya, kuti katundu azikwera sitima mpaka ku Mbeya, kenaka n'kulowa m'dziko muno pa galimoto kudzera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Njira imeneyi ikadalipo, ndipo mafuta ambiri omwe timagwiritsa ntchito amachokera ku Dar es Salaam, ngakhale kuti masiku ano amabwera pa mathanki a pamsewu. TAZARA ikayamba kuyenda bwino, Malawi angathe kupulumutsa ndalama zambiri za mtengatenga.

Koma mbiri ya njanjiyi ili ndi phunziro lina lowawa. Pa zaka zake zabwino inkanyamula katundu woposa matani 1 miliyoni pa chaka, koma pofika chaka cha 2015 inkalephera kufika ngakhale matani 100,000. Mainjini adafa, njanji sinkakonzedwa, ogwira ntchito ankakhala miyezi osalandira malipiro. Amene adamanga adachita mbali yawo. Amene adalandira adalephera kusamala. Lero eni ake avomera kuipereka m'manja mwa kampani yakunja kwa zaka 30. Ndipo tisanamizane: m'zaka za m'ma 1970 China idabwera ngati bwenzi pa nkhondo yolimbana ndi atsamunda, pamene lero yabwera ngati wamalonda. Ikufuna mkuwa wa ku Zambia ndi miyala ya kobati ya ku Congo, zomwe mafakitale ake amapangira mabatire ndi galimoto zoyendera magetsi. Pa chifukwa chomwecho, America ndi mayiko a ku Ulaya akuthandiza njanji ina yopita kuzambwe, ku doko la Lobito ku Angola, komwe mtsogoleri wakale wa America a Joe Biden adakacheza mu Disembala 2024. Mayiko akuluakulu akulimbirana miyala, ndipo njanji zikulondola komwe kuli migodi.

Chaona Zambia

Pakati pa chaka cha 2011 ndi 2020, Zambia idakongola ndalama zankhaninkhani. Idamanga misewu, bwalo la ndege latsopano la Kenneth Kaunda ku Lusaka, ndi malo opangira magetsi a Kafue Gorge Lower omwe amatha kupereka mamegawati 750. Zinthuzi zilipo ndipo zikugwira ntchito. Koma mu Novembala 2020 dzikolo lidalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni kwa amalonda akunja omwe adalikongoza, ndipo lidakhala dziko loyamba mu Africa kugwa m'ngongole m'nyengo ya mliri wa Covid-19. Zokambirana zidatenga zaka. Mu Juni 2023 mayiko okongoza adavomera kutalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni, ndipo mwa ndalamazi, zoposa madola 4 biliyoni zinali za banki ya Exim ya ku China. Pa zaka zonse zodikirazo, ndalama ya kwacha ya ku Zambia idagwa mphamvu, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo amene adamva ululu ndi mabanja a ku Kanyama ndi ku Chawama omwe sadakwerepo ndege pa bwalo latsopanolo.

Pali mtengo winanso womwe suoneka m'mabuku a ngongole. Mu Epulo 2005, fakitale ya Matchaina yopanga zophulitsira miyala ku Chambishi idaphulika n'kupha antchito oposa 40 a ku Zambia. Mu Febuluwale 2025, ku Chambishi komweko, damu losungira zinyalala za mgodi wa kampani ya Sino-Metals lidagumuka, ndipo madzi a asidi adalowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zidafa, minda idawonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe udatsekeredwa madzi a m'mipopi. Walira mvula walira matope, inde, koma matope ena amadza chifukwa chakuti boma limaopa kukhwimitsa malamulo pa kampani ya dziko lomwe lili nalo ngongole. Wokongola mawu ake amatsika.

Kwa ife Amalawi, nkhani ya ku Zambia ili ndi mbali ina. M'chaka cha 2010 njanji yathu ya ku Mchinji idalumikizidwa ndi Chipata. M'chaka cha 2016 boma la Zambia lidagwirizana ndi kampani yomweyi ya CCECC kuti imange njanji yochokera ku Chipata kudzera ku Petauke kukakumana ndi TAZARA ku Serenje. Ikadamangidwa, katundu wa ku migodi ya ku Zambia akadatha kudutsa mu Lilongwe popita ku Nacala, ndipo ife tikadapeza ndalama za mtengatenga ndi ntchito. Koma ngongole zitachuluka, ntchitoyo idaima isadayambe. Umu ndi momwe ngongole ya mnansi imatitsekera khomo nafenso.

Za ku Mozambique

Ku Mozambique, chonyaditsa chachikulu cha ubale ndi China ndi mlatho wa Maputo-Katembe, womwe udatsegulidwa mu Novembala 2018 ndipo udadya madola pafupifupi 785 miliyoni, ambiri mwa iwo a ngongole ya banki ya Exim. Mlathowu uli kummwera kwenikweni, kutali ndi abale athu olankhula Chinyanja a ku Tete ndi ku Niassa. Chomwe chidatithandiza ife ndi msewu wochokera ku Beira kupita ku Machipanda, womwe udakonzedwa ndi kampani ya ku China; mathiraki athu amayenda pa msewuwu asadakhotere ku Tete ndi ku Mwanza.

Koma njanji yaikulu yomwe idamangidwa m'dziko muno pa zaka zaposachedwa siidamangidwe ndi Matchaina. Idamangidwa ndi kampani ya Vale ya ku Brazil kuti izinyamula malasha kuchokera ku Moatize, kudutsa m'maboma a Chikwawa, Mwanza, Neno, Balaka ndi Machinga, kukafika ku Nacala, mtunda wa makilomita oposa 900. Anthu a ku Liwonde amaona sitima zazitali zikudutsa usana ndi usiku, zodzaza malasha a eni ake. Njanji ikhoza kudutsa pakhomo pako iwe osapindula nayo, ngati ulibe choti ukwezepo.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti ngongole yomwe idagwetsa chuma cha Mozambique m'chaka cha 2016 siinali ya China. Inali ya madola pafupifupi 2 biliyoni omwe akuluakulu ena adakongola mwachinsinsi ku mabanki a ku Switzerland ndi ku Russia, Nyumba ya Malamulo osadziwa. Ngakhale kuno kwathu, gawo la China pa ngongole zathu zakunja ndi laling'ono poyerekeza ndi la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi mabungwe ena otere, ndipo zomwe zidatifinya kwambiri kuyambira m'chaka cha 2022 ndi ngongole za chiwongoladzanja chokwera za mabanki a Afreximbank ndi TDB, kuphatikizapo zomwe boma limakongola m'dziko momwemuno. Amene amati mavuto athu onse adadza ndi Mtchaina akulakwitsa, monganso akulakwitsa amene amati Mtchaina ndiye adzatiwombola. Vuto lagona pa ngongole yotengedwa mumdima, ndi yotengedwa pa zinthu zosabereka.

Kodi tikwezapo chiyani?

Kuyambira pa 1 Disembala 2024, dziko la China lidachotsa msonkho wonse pa katundu wolowa kumeneko kuchokera ku mayiko osaukitsitsa omwe ali nalo pa ubale, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayikowo. Khomo latseguka. Koma aliyense amene adazungulirako m'masitolo a ku Old Town, kuyambira mumsewu wa Malangalanga mpaka ku Area 2, akudziwa kuti malondawa akuyenda mbali imodzi. Mafoni, nsapato, ziwiya za pulasitiki, mababu, masola ndi zipangizo za njinga zamoto, pafupifupi zonse ndi za ku China. Zimenezi zathandiza osauka kupeza zinthu zomwe kale zinali za olemera okha, ndipo anyamata ambiri a kabaza akudyetsa mabanja ndi njinga zotsika mtengozi. Koma zonsezi timagula ndi madola, pamene ife timatumizako fodya, thonje, soya ndi zina zochepa, zambiri zili zosakonza. Dziko logula zambiri n'kugulitsa zochepa limasowa ndalama zakunja, ndipo mapeto ake tidawaona: kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta idasanduka chinthu cha masiku onse.

M'chaka cha 2012, amalonda ang'onoang'ono a ku Karonga adadandaula kuti masitolo a Matchaina akuwalanda msika, ndipo boma lidalamula kuti amalonda akunja azichita malonda ogulitsa katundu m'mizinda ikuluikulu yokha ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Lamulolo lidateteza wogulitsa, koma silidabale fakitale. Njanji yabwino imatsitsa mtengo wa katundu wolowa ndi wotuluka yemwe. Tikapanda kukonzeka, TAZARA ndi Nacala zidzangofulumizitsa katundu wa eni ake kulowa m'misika yathu, mabogi n'kumabwerera opanda kanthu.

Zizindikiro zabwino zilipo. M'chaka cha 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala idafika ku Kanengo patapita zaka zoposa 20. Ku Nsanje, kampani ya ku China idapatsidwa ntchito yokonza njanji ya Marka-Bangula kuti tilumikizanenso ndi Beira. Izi ndiye ntchito zoyenera kuziikira mtima, pamodzi ndi magetsi odalirika, ulimi wa mthirira, ndi mafakitale oyenga mafuta a soya ndi mtedza, kuti chomwe tikweza pa sitima chikhale chokonza kale, osati nyemba za m'matumba.

Udindo wa nzika

Ambiri mwa owerenga athu akukumbuka momwe mipingo idalimbikira pa Chaka cha Jubile cha 2000 kupempha kuti ngongole za mayiko osauka zikhululukidwe. Pempholo lidamveka, ndipo m'chaka cha 2006 gawo lalikulu la ngongole zakunja za Malawi lidafafanizidwa. Sizidathe zaka 20, tabwereranso pomwe tidali, moti malemu Papa Fransisko, polengeza Jubile ya 2025, adapemphanso mayiko olemera zomwezo. Kupempha chikhululukiro cha ngongole n'koyenera, koma sitingamapemphe mbadwo uliwonse osafunsa kuti ndalamazo zidapita kuti. Makolo athu ankati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Pa nkhani ya ngongole zinthu zatembenuka, akudya ndi akuluakulu, koma amene adzapotedwe ndi ana omwe ali m'kalasi yoyamba lero.

Ngongole zikuluzikulu zomwe boma limatenga kunja zimadzera m'Nyumba ya Malamulo ngati mabilu, ndipo aphungu athu amaziponyera voti. Kuyambira mu Seputembala 2020, lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito. Choncho sikulakwa, ndipo si ndale za chipani, kuti pa msonkhano wa chitukuko m'dera lathu, kapena phungu akatiyendera, timufunse mafunso omveka. Kodi ngongoleyi ndi ya ndalama zingati, chiwongoladzanja chake n'chotani, ndipo tidzabweza mpaka liti? Kodi chomwe tikumangacho chidzabweretsa ndalama zobwezera? Kodi Amalawi angati alembedwa ntchito, pa malipiro otani, ndipo ndi angati akuphunzira luso loti adzakonze makinawo alendo akadzapita? Kodi amene asamutsidwa pa minda yawo alandira chipukutamisozi choyenera? Kodi mitsinje yathu aiteteza bwanji? Mafunso amenewa ndi ofunsa aliyense wobwera ndi ndalama, kaya ndi wa ku Beijing, ku Washington, ku Brussels kapena ku New Delhi.

Dziko la China limadziwa chomwe likufuna mu Africa, ndipo limakonzekera zaka makumi atatu zakutsogolo. Zambia ndi Tanzania, atapsa ndi zakale, asankha kuti pa TAZARA kampani iike ndalama zake ndi kudzibwezera kuchokera pa katundu wonyamulidwa, m'malo moti boma likongolenso. Nthawi ndiyo idzaonetse ngati asankha bwino. Kwa ife, ntchito ndi yoti atsogoleri athu akhale pansi ndi anansiwa ntchito yokonza njanji isadathe, akambirane za malo athu a ku Mbeya, za mitengo ya mtengatenga, ndi za njanji ya Chipata yomwe idagona. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tikachedwa, mitengo ndi ndondomeko za sitima zidzakhazikitsidwa poganizira mkuwa wokha, ndipo mlimi wa soya wa ku Mchinji adzapitiriza kugulitsa mbewu yake kwa mavenda pa mtengo wolira.